Ulendo wa ku Roma wa Mkulu wa Adzukulu

Ku Biriwiri kuno mukafunsa za a Silvester Nyoni, palibe amene angayambe ndi mbatata zawo, ngakhale kachewere wawo amagulidwa ku Lizulu asanatsike n'komwe pa ngolo. Aliyense amangoti, "Oo, mukunena mkulu wa adzukulu uja?" Basi. Ndi bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, wa zikhatho zokhakhala ngati khungwa, ndipo wakumba manda a mudzi wathu kuyambira ndevu zikungomera kumene. Dothi la kuno si lamasewera. Ukachotsa lofiira la pamwamba lija umakumana ndi miyala yokhayokha, ndipo anyamata ambiri amaponya piki kawiri katatu kenako n'kuyamba kufunsa ngati nkhuku ya adzukulu yapsa. A Silvester ayi. Iwo ndi amene amatsikira pansi penipeni kukasema kachipinda komwe bokosi limakagona, ndipo akatulukamo, bokosi limalowa lokha osakhula m'mbali.

Mantha sankawadziwa munthu ameneyu. Mitembo anasambitsa, ananyamula, ina yoti abale ake enieni akuthawa fungo. Njira yodutsa m'mbali mwa manda, yomwe ife tonse timailambalala, iwo ankadutsamo akuimba mluzu. Mantha anadzawapeza imvi zitamera, ndipo anawabweretsera ndi mwana wawo yemwe, Tawina, mzime wawo, amene ndi namwino ku Mangalande.

"Ababa, mwakumba mokwanira," anatero Tawina pa foni Lamulungu lina atangoweruka ku Misa. "Chimwalirireni amayi, inu ndi kumunda, kumanda, kumunda, kumanda. Chaka chino mukaone dziko. Pali gulu la akhristu a ku Lilongwe lomwe likupita ku Italiya mvula isanagwe. Dzina lanu ndalembetsa kale. Ine mukandipeza ku Roma komweko, ndikakuchingamirani pabwalo la ndege."

"Ku Roma kwake kuti? Kwa Aroma a m'Baibulo aja?"

"Komweko, ababa!"

A Silvester anaseka, anathokoza, anadalitsa mwana wawo monga kholo liyenera kuchitira. Atatseka foni anazindikira kuti akhala pa dothi pomwe mpando uli pambali pawo.

Ndege ankaiopa, zimenezo sitingabise. Munthu amene moyo wake wonse wagwira ntchito pansi pa nthaka umuuze kuti akakhale pamwamba pa mitambo? Nyanja ya kumeneko ankaiopanso, chifukwa pa wailesi ankamva kuti imameza anthu akuda odzaza mabwato. Koma zonsezi zinali zazing'ono. Chomwe chinawakhazika pa dothi tsiku limenelo chinali dzina limodzi lokha: a Fabiano Ngozo.

Awiriwa anakulira limodzi kubusa, m'mapiri a m'malire muno, kumene ng'ombe zimadya udzu wa ku Mozambiki m'mawa n'kudzamwa madzi a ku Malawi masana. Kukumba manda anayambanso limodzi. Ndiye chaka china, pa maliro a m'mudzi woyandikana ndi wathu, anaona zinthu zomwe sanaziiwale. Adzukulu a kumeneko anali anyamata okhuta kachasu. Dzenje linali lopapatiza, bokosi linakakamira pakati, kumutu pansi kumiyendo m'mwamba. Wina analiponda ndi nsapato kuti lilowe, abale inu, anamfedwa akuona! Mpaka analitulutsanso n'kuliika pambali, anthu n'kumaimba nyimbo imodzimodzi kudikira kuti dzenje likule.

Pobwerera a Fabiano anaima pakati pa njira. "ANyoni, zimene taona zija zisadzandichitikire ine. Ndikadzatsogola, chipinda changa mudzaseme ndinu, ndi manja anuwo. Mukadzatsogola inu, ndidzasema ndine." Anagwirana chanza pomwepo. Kuyambira pamenepo moni wawo unali wachipongwe. Mmodzi akati, "Mwadzuka bwanji?" wina ankayankha kuti, "Ndadzuka, pepani, piki yanu ichitabe dzimbiri."

Koma chaka chimenechi chipongwecho chinali chitayamba kuwawa. A Fabiano anali atatupa miyendo, mpweya ukuwathera akangoyenda kuchoka pakhonde kufika pankhokwe. Anagonako ku chipatala cha pa boma, n'kubwerako ndi thumba la mapilisi ndi mawu oti akapumule kunyumba. Iwo eni ankati akuchira. Ankakamba za mbewu yoti agule, za fetereza, za mbuzi yoti agulitse. Koma a Silvester aona odwala ambiri asanasanduke mitembo. Anaona mmene mphuno ya mnzawo inawondera ndi mmene makutu anayamba kuyerera, ndipo ankadziwa kuti munthuyu mvula sadzaiona. Tsono kwathu kuno maliro sadikira munthu. Wamwalira lero, mawa tamuika. Ukakhala kutsidya la nyanja umangodzapeza mtumbira utauma.

Za ulendowo sanauze munthu aliyense. Ulendo wa kunja suululidwa, aliyense amadziwa zimenezo, kuopa a mitima yoipa angakutsekere njira. Ndiye anayamba kuzemba ngati wakuba nkhuku. Ku Lilongwe kokatenga pasipoti anati akukaona dokotala wa maso. Kumeneko makina anakana kuwerenga zala zawo. Mayi wa pa kauntala anawapukuta, anawapaka mafuta, anawadinditsa chala chilichonse, koma pa galasi pankangooneka mdima.

"Agogo, zala zanuzi mizere yake inapita kuti?"

"Inatsala pa mpini wa piki, mayi."

Mumtima anasangalala, ndikuuzeni zoona. Anati mwina Mulungu wandipulumutsa. Koma mayi uja anali wakhama, anayesa mpaka makinawo anavomera. Viza nayo, yomwe anthu amati imavuta ngati kubereka, inatuluka popanda chovuta. Chilichonse chomwe ankayembekezera kuti chiwatsekera njira chinkangotseguka chokha.

Tawina ndiye anali atapenga nawo ulendowu. Madzulo alionse, dzuwa likamapendekera ku Mozambiki, foni inkalira. Nsapato mwagula zofewa, ababa? Kumeneko timayenda pansi tsiku lonse, misewu yake ndi ya miyala. Jekete mugule yokhuthala. Mpeni wanu wa m'thumba uja musiye, akakulandani pabwalo la ndege. Ufa musanyamule, chonde, musandichititse manyazi. A Silvester anapita ku Lizulu tsiku la msika, n'kusankha pa kaunjika jekete lakuda lofika m'mawondo, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Wogulitsayo atafunsa kuti kuzizira kwake n'kwa kuti, iwo anati n'la ukwati wa mphwawo.

Kenako mwana uja anayamba kutumiza zithunzi za malo okaona. Tchalitchi cha Petulo Woyera, chachikulu choti mudzi wathu wonse ungalowemo ndi ng'ombe zomwe. Bwalo lakale logumukagumuka momwe ankaponyera anthu kwa mikango. Mzinda wina womwe misewu yake ndi madzi, anthu n'kumapita kogula mchere pa bwato. A Silvester ankangoti, "Ehe. Ehe. Zodabwitsa." Mpaka linafika tsiku lomwe Tawina anati, "Koma awa ndiye malo anu, ababa, ndawasankhira inuyo."

Chinali chithunzi cha njira yopapatiza ya pansi pa nthaka, m'makoma monse muli timashelefu tosemedwa pamwala.

"Amenewa ndi manda a akhristu oyambirira. Timagula tikiti n'kutsikira pansi, wina akutitsogolera."

"Tikiti? Ya kumanda?"

"Eya."

"Popanda maliro? Popanda kupempha eni mudzi?"

"Ababa, ndi anthu a kalekale."

"A kalekale si anthu? Nanga potuluka mumasamba?"

Tawina anaseka mpaka foni inagwedezeka. Ndiye anawonjezera china, cha mzinda womwe unakwiriridwa ndi phulusa la phiri. Munali anthu ogona pansi mmene imfa inawapezera, wina ataphimba kumaso, wina atapinda mawondo, onse ali m'magalasi, ndipo pambali pawo pali mzungu wa kabudula akudzijambula akumwetulira. A Silvester anatembenuza foni n'kuiika chafufumimba pa mphasa. Anaganiza kuti, dziko limene akufa amawaonetsa kwa alendo, ine ndikakafera kumeneko adzandiika pa shelefu iti? Ndipo amene analonjeza kudzandisemera chipinda sangathenso kunyamula ndi khasu lomwe.

Koma choopsa kuposa zonse sichinachokere ku Italiya. Chinachokera mumtima mwawo momwe. Tsiku lina m'mawa akupalira mbatata kudimba, tsiku la ulendo litayandikira, ganizo linangobwera lokha, bwinobwino, ngati ganizo la munthu wanzeru: zikanachitika sabata ino, zonse zikanalongosoka. Ndikanamuika mnzanga bwinobwino, kenako n'kukwera ndege mtima uli m'malo.

Khasu linagwa m'manja. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali amene wamva. Mayo ine! Ndikufunira Fabiano imfa chifukwa cha tikiti? Anachita chizindikiro cha mtanda katatu, anapemphera, koma pemphero lomwelo linawasokoneza. Apemphe chiyani? Kuti mnzawo afulumire? Kuti achedwe, azivutikabe kupuma mpaka iwo atamaliza kuona mabwinja a Aroma? Anaopa ndege, anaopa nyanja, koma apa anadziopa okha. Ananyamula khasu n'kubwerera kunyumba ntchito isanathe, atatsimikiza mtima kuti sapita. Tawina sanamuuze, analibe mphamvu zake. Anati ayambe auza mnzawo, amusangalatse.

Anawapeza a Fabiano pakhonde masana, atatsamira khoma, miyendo ili pa kampando. Akazi awo a Esnath, omwe iwo ankawatchula kuti aNaphiri, ankasankha nyemba chapafupi.

"Afika a ku Roma!" anatero a Fabiano, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "ANaphiri, apatseni mpando wabwino, awa sakhalanso pa njerwa."

A Silvester anafunsa kuti, "Wakuuzani ndani?"

"Aa, aNyoni! Jekete la chisanu mwezi uno? Dokotala wa maso amene amakujambulani chithunzi atakuvekani tayi? Wa kabaza amene anakunyamulani anafalitsa musanafike n'komwe kumsewu. Mudzi wonse ukudziwa, tikungokusungirani ulemu." Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. A Esnath anawapatsa madzi.

A Silvester anadikira kuti chifuwa chithe. Kenako anati, monyadira ndithu, ngati munthu wopereka mphatso, "Sindipita."

"Chifukwa?"

"Mbatata zija zikufuna munthu."

"Musandinamize ine. Mbatata zinayamba liti kuletsa munthu kukwera ndege?"

"Chabwino. Ndi lonjezo lathu lija, aNgozo. Sindingachoke panopa."

Nyemba zinasiya kulira m'lichero. A Fabiano anawayang'ana mnzawo nthawi yaitali, ndipo kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono mpaka kunatsala nkhope ya munthu wamantha.

"Panopa," anabwereza. "Ulendo wake ndi wa masabata owerengeka okha. Ndiye kuti mwaona chiyani pa ine?"

"Sindinaone kanthu."

"Maso anuwo ndimawadziwa. Ndaima nanu pambali pa odwala angati, inu n'kundinong'oneza kuti tinole mapiki? Munalakwitsapo?" Anatembenukira kwa akazi awo. "ANaphiri, ndilowetseni m'nyumba. Ndikumva kuzizira."

Apa ndiye a Silvester anazindikira chomwe achita. Munthu wina aliyense akanasiya ulendo chifukwa cha mnzake wodwala, anthu akanati ndi chikondi. Koma mkulu wa adzukulu akasiya ndege n'kukhala pakhomo kudikira, ndiye kuti walengeza maliro mwini wake akumva.

Nkhani inayenda mudzi wonse tsiku lomwelo, chifukwa khonde la a Fabiano lili m'mbali mwa njira ya kumjigo. M'mawa mwake anthu anayamba kufika kudzazonda, osati mmene ankabwerera kale ndi nthabwala, koma mwakachetechete, amayi atafunda zitenje kumutu. Abale a kutsidya la malire anatulukira ndi ufa ndi nkhuni. Amayi a kwaya anabwera kudzaimba nyimbo zomwe tonse timadziwa kuti zimaimbidwa liti. Wina wopanda nzeru anafunsa mokweza ngati matabwa alipo. A Fabiano anatembenukira kukhoma n'kusiya kudya. Mankhwala ankawalavula. Za mbewu ndi fetereza sanazitchulenso.

A Silvester anadzitsekera kwawo. Kupita kukawaona ankaopa, chifukwa akangotulukira pa njira anthu ankasuzumira m'manja mwawo ngati anyamula bango loyezera. Kukhala ankaopanso. Foni ya Tawina ikalira ankaiyang'ana mpaka isiye yokha.

Anawatulutsa ndi a Esnath. Anafika dzuwa lili pamutu, osaodira n'komwe, n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno. Mayi ameneyu ndi wofatsa, wa ulemu wake, koma tsiku limenelo maso anali psuu.

"Alamu, mwandiphera mwamuna akadali moyo."

"Mlamu, ine ndimati..."

"Mumati chiyani? Mukuganiza kuti ine sindikuona? Ndimawasambitsa ndine, ndikudziwa kuposa inu. Koma munthu uja amadya, amaseka, amandilalatira za mbuzi. Masiku amene atsalawo anali ake. Inu mwabwera n'kuwalanda." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Pitani ku ulendo wanuwo. Mukapita, akhulupirira kuti mwaona kuti achira."

"Nanga zikachitika ine kulibe? Ndinalonjeza, mlamu. Anyamata awa adzawaponya ngati thumba la makala."

"Zimenezo n'za mtembo. Ine ndikunena za munthu."

Anatembenuka n'kumapita. A Silvester anatsala ataima pakhomo. Akapita aswa lonjezo. Akakhala amupha mnzawo ndi mantha. Moyo wawo wonse ankadziwa chochita imfa ikafika, koma apa inali isanafike ndipo iwo sankadziwa poima.

Tsiku loti mawa lake anyamuka, anavala jekete lija, dzuwa lonselo, n'kunyamula sutikesi pamutu kudutsa pakati pa mudzi kuti aliyense aone. Analowa m'chipinda cha a Fabiano osagogoda. Munali fungo la mankhwala ndi thukuta. Wodwalayo anali atayang'ana kukhoma.

"Tatembenukani ndikuoneni bwino," anatero a Silvester mwaukali. A Esnath anawathandiza kutembenuka. A Silvester anawerama, anawayang'ana m'maso, anawagwira mphuno, anawakoka khutu ngati akugula mbuzi. Zomwe ankaona zinali zoipa kuposa kale. Koma anadzuka n'kuseka.

"Asa! Ndinapusa ine. Tsiku lija munakhala pa mthunzi, ndiye ndinaona molakwa. Inu simukufa, mukungofuna kuti akazi anu azikudyetsani ngati khanda. Ndataya masiku anga pachabe kudikira munthu waulesi. Mawa ndikupita."

A Fabiano anawayang'ana. "Mukupitadi?"

"Sutikesi iyi mukuiona ngati ya maliro? Ndikupita, ndipo ndikabwera ndidzakupezeni mutabzala. Ndikapeza munda uli chomwecho ndidzakulandani."

Pang'onopang'ono milomo youma ija inatambasuka. "Kalandeni munda wa ambuye anu," anatero a Fabiano. Kenako anati, "ANaphiri, kodi phala lija lilipo?"

Anamwa masipuni angapo a Silvester akuona. Anafunsa za ndege, ngati muli chimbudzi, ndipo zikagwa zimagwera pa ndani. A Silvester anawaonetsa zithunzi, ngakhale cha manda a pansi pa nthaka chija. A Fabiano anachiyang'anitsitsa, n'kuloza ndi chala chotupa.

"Koma anthu awa ankadziwa ntchito. Taonani makona ake. Mukafika mukagwire ndi dzanja, mukaone ngati ankasema ndi piki kapena tchizulo. Mudzandiuze."

"Ndidzakuuzani."

"Pitani bwino, aNyoni."

"Tsalani bwino, aNgozo."

Atatuluka panja anasenza sutikesi n'kubwerera kwawo.

M'mawa mwake wa kabaza anawatula pamsewu waukulu. Minibasi ya ku Lilongwe inali itaima kale, kondakitala akukuwa, "Dedza, Lilongwe! Mmodzi yekha, tikupita!" pomwe mipando inali yopanda anthu. A Silvester anakhala cha pawindo, sutikesi pamiyendo, pasipoti m'thumba la mkati. Anayesa kuganiza za tchalitchi chachikulu chija, za Tawina akuwakupizira dzanja pabwalo la ndege.

Ndiye anaona anyamata awiri a m'mudzi mwathu, a m'gulu lawo lomwe la adzukulu, ataima kuseri kwa golosale, pomwe njira ya kumudzi imakumana ndi msewu. Anali atagwira nthambi zaziwisi. Kwathu kuno nthambi zaziwisi zimaikidwa pa njira kuti odutsa adziwe kuti m'mudzi muli maliro. Koma anyamatawo sankaziika. Ankangozibisa kumbuyo, n'kumasuzumira minibasi, kudikira kuti ichoke.

A Silvester anatchera khutu. Kumudzi sikunkamveka kulira. Mphepo inkachokera komweko, akanamva. Mwina n'za mbuzi, anadziuza. Mwina akukamanga khola. Mmodzi wa anyamata aja anakumana nawo maso, n'kuyang'ana pansi msangamsanga.

Injini inalira. Kondakitala anamenya chitseko, galimoto n'kuyamba kuyenda. Golosale inadutsa, sitolo ya fetereza inadutsa, milu ya kabichi ya m'mbali mwa msewu inadutsa. Manja a Silvester anali atagwira sutikesi ngati agwira munthu womira. Anaganiza za mwana wawo, zonse zimene anavutikira, manyazi amene amuchititse pamaso pa gulu lonse lija. Anaganizanso za bokosi lokakamira pakati pa dzenje.

"Imani!"

"Agogo, tangonyamuka kumene."

"Ndati imani! Nditsitseni!"

Kondakitala anatukwana, amayi ena anadandaula, koma dalaivala atawaona nkhope pa galasi anaponda buleki. A Silvester anatsika n'kuyamba kubwerera wapansi, sutikesi pamutu, jekete likuwakola m'mawondo. Atafika pa golosale anyamata aja anafuna kuthawa.

"Ikani nthambizo pa njira," anawauza. "Mukubisira ndani?"

Pakhomo pa a Fabiano panali anthu ambiri, koma chete wake ngati palibe munthu. Amayi anakhala pansi atatseka pakamwa ndi zitenje, mapewa akugwedezeka. Abambo anali chilili pansi pa mtengo wa mapichesi. Atawaona a Silvester akulowa ndi sutikesi, onse anayang'ana kwa a Esnath, amene anali pakhomo la nyumba.

"Alamu, mwabwereranji?" anafunsa motsitsa.

"Zachitika liti?"

"Kukucha. Anati tisalire mpaka minibasi yanu itadutsa pa Lizulu. Anati aNyoni makutu awo ndi akuthwa, akamva atsika."

A Silvester anatula sutikesi pansi. "Ndiye kuti dzulo lija..."

"Sanakhulupirire bodza lanu, alamu. Ngakhale pang'ono. Phala lija anamwera inu, kuti mupite."

Atatero a Esnath anagwa pansi n'kulira, ndipo amayi onse aja, omwe anaumeza mfuu kuyambira mbandakucha, anautulutsa nthawi imodzi. Mudzi wonse unagwedezeka.

A Silvester anapita kuseri kwa nyumba n'kuimbira mwana wawo.

"Ababa! Masiku onsewa simukuyankha bwanji? Mwafika pati?"

"Mwanawe, ndege ipite. A Fabiano atisiya."

A Silvester anadikira kukalipiridwa, ndipo akanavomera. Kenako anamva mwana wawo akufwenthera.

"Akumbireni bwino, ababa," anatero Tawina.

Tsiku lotsatira, lomwe gulu lija linkakwera ndege, adzukulu analowa kumanda dzuwa likutuluka. Anyamata anachotsa dothi lofiira, anaswa miyala ya pamwamba, akuseka ndi kunyozana monga adzukulu amachitira. Dzenje litafika m'khosi, a Silvester anawauza kuti atuluke onse. Anatsika okha ndi piki yaifupi ndi bango loyezera. Anasema pang'onopang'ono, kumutu, kumiyendo, m'mbali, akusalaza ndi chikhatho paliponse pamene mwala unatsala wosongoka. Anyamata pamwamba anayamba kudandaula kuti madala achedwa, anthu a Misa atsala pang'ono kufika.

Mdzukulu salira, ntchito yake ndi kuseketsa olira. A Silvester sanagwetsepo msozi kumanda, ngakhale tsiku loika akazi awo. Koma atamaliza kona yomaliza anagwada m'kachipinda muja, momwe a pamwamba sangaone bwino, n'kutsamiritsa chipumi pa mwala wozizira.

"Iwe Fabiano," ananong'ona, monga ankaitanirana kubusa. "Wandinamiza bwino kuposa ine."

Analira mpaka malaya ananyowa. Wina pamwamba anafuula kufunsa ngati zatheka. Anapukuta kumaso ndi dzanja la dothi, anayezanso ndi bango kachiwiri, n'kuyankha kuti abweretse.